Kodi masipuling'i a kumsana kwa gitala ndi amene akuthawitsa chuni?

Funso: Ndinagula gitala yamagetsi yogwirapo kale ntchito, ya mtundu wa Stratocaster koma yosakhala ya Fender, ndipo ndimaimbira m'bandi ya kutchalitchi kwathu. Ndikangokhudza mpini wa tremolo, uja wogwedezera mawu, chuni chimathawa, makamaka pa nsambo ya G. Nditatsegula chivundikiro cha kumsana ndinapeza masipuling'i atatu, koma malo alipo a asanu. Mnzanga akuti ndiwonjezere awiri, chuni chikhazikika ndipo mawu anenepa. Wina akuti ndiitanitse masipuling'i odula ochokera kunja. Ndimvere uti?

Yankho: Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye m'thumba. Mnzanu woyambayo ali ndi mfundo, ngakhale sanaifotokoze yonse. Wachiwiriyo akukutumizani kukagula mankhwala a mutu pamene chikupweteka ndi dzino. Gitala ikamathawa chuni pa nsambo imodzi, monga yanuyo, masipuling'i amakhala omaliza pamndandanda wa oganiziridwa, ndipo mukhoza kutsimikiza nokha lero lomwe muli pakhonde panu.

Tiyambe ndi zimene zikuchitika mkati mwa thabwamo. Leo Fender atatulutsa Stratocaster mu 1954, anaika bridge (chitsulo chimene nsambo zimatsamirapo pathupi la gitala) imene siinakhomeredwe kuti isasunthe. Mbale yake yachitsulo imatsamira pa masikuluwu asanu ndi limodzi kutsogolo kwake, ndipo imatha kupendekeka. Kunsi kwa mbaleyo kuli buloko yachitsulo yolowa m'bowo lobooleza thupi lonse la gitala, ndipo nsambo zimadutsa m'bulokomo. Masipuling'i munawaonawo mbali imodzi amakoledwa kunsi kwa buloko, mbali ina amakoledwa pa kachitsulo ka zala zisanu kotchedwa claw, kamene kamagwidwa ndi masikuluwu awiri aatali olowa m'thabwa kulozera ku khosi la gitala. Nsambo zikukoka bridge kuti inyamuke kumbuyo, masipuling'i akuikoka kuti igone. Pamene mphamvu ziwirizi zalingana, pomwepo bridge imaima, ndipo chuni chanu chonse chadalira malo amenewo.

Mphamvu zake si zamasewera. Pa gitala yautali wa Fender, mamilimita 648 kuchokera pa nut (potsamira nsambo kumutu kwa gitala) kufika pa bridge, nsambo za saizi 10 mpaka 46 (kunenepa kwake, kuyambira yopyapyala kufika yonenepa) zikachunidwa bwino zimakoka pafupifupi makilogalamu 47 zonse pamodzi. Za 9 mpaka 42 zimakoka pafupifupi makilogalamu 39. Masipuling'i safunika kukoka mphamvu yonseyo, chifukwa buloko ndi yaitali kunsi kuposa mmene nsambo zatalikira pamwamba pa mbale, ndiye amakoka ali ndi mwayi wa utaliwo. Komabe ndi mphamvu yoti sipuling'i itapulumuka ingakuvulazeni diso, choncho musamagwire kumeneko nsambo zili zokungika.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amasochera. Mumaidziwa sikelo yokolowekera ija imene ogula chimanga ndi nandolo amapachika pamtengo: mukakolekapo thumba la makilogalamu 10 sipuling'i yake imatalika pang'ono, mukakoleka la 20 imatalika kawiri. Robert Hooke analemba lamulo limeneli mu 1678, ndipo ndi lomwelo likugwira ntchito kumsana kwa gitala yanu. Mutapachika thumba limodzi pa masikelo asanu nthawi imodzi, kulemera kwa thumbalo sikusintha. Sikelo iliyonse ingotalika pang'ono chifukwa agawana katundu. Chimodzimodzi kuno: ngati bridge ili pamalo omwewo ndipo nsambo ndi zomwezo, mphamvu yonse ya masipuling'i iyenera kukhala yomweyo, kaya ndi atatu kaya ndi asanu. Mukawonjezera awiri mudzakakamizika kumasula masikuluwu a claw kuti bridge ibwerere pamalo ake. Chimene chasintha ndi kuuma kwake. Asanu otalika pang'ono amakana kusuntha kwambiri kuposa atatu otalika kwambiri.

Kuuma kumeneku mumakumva m'manja. Ndi masipuling'i awiri kapena atatu mpini umakhala wofewa, kungoukhudza ndi chala chaching'ono mawu agwedezeka kale. Ndi asanu umafuna dzanja lonse. Komanso kuuma kumeneku ndi kumene kumalamula mmene nsambo zimasokonezerana. Tengani nsambo ya G ya 17, imene imakoka pafupifupi makilogalamu 7 ndi theka. Mukaikankha m'mwamba kuti mawu akwere mafuleti awiri (fuleti ndi kachitsulo kopingasa pa khosi la gitala), kukoka kwake kumawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, kuposerapo pang'ono, ndiye kuti pafupifupi makilogalamu 2. Makilogalamu awiriwo amanyamula bridge pang'ono, ndipo nsambo zisanu zotsalazo zimakhwefuka n'kutsika mawu. Yesani: imbani E yaikulu osaigwira, kenako kankhani G uku E ikulirabe. Mumva E ikutsika ngati yatopa. Masipuling'i ofewa amaitsitsa kwambiri, ouma amaitsitsa pang'ono. Ndi chifukwa chakenso pa bridge yoyandama, imene siinagone pathabwa, chala chimayenda mtunda wautali chisanafikitse mawu pamene mukufuna, popeza bridge ikukuthawani. Ena amakukonda kufewa kumeneko. Koma woimba amene amakankha nsambo imodzi uku ina ataigwira, monga amachitira a nyimbo za country ku America, amadana nako, chifukwa nsambo yogwidwayo imatuluka m'chuni pakati pa nyimbo.

Nsambo ikaduka zimatembenuka. E yaing'ono ya 10 ikathothoka, makilogalamu oposa 7 achoka mbali ya nsambo, masipuling'i apambana, bridge yagona, ndipo zisanu zotsalazo zakwera zonse. Pakati pa nyimbo yopereka chopereka palibe chomwe mungachite koma kutsitsa voliyumu n'kumamwetulira. Kutsitsa E yaikulu kuti ikhale D kumachita zofanana koma pang'ono. Ndi chifukwa chomwechi kuchuna gitala ya bridge yoyandama kumafuna kuzungulira nsambo zonse kangapo: iliyonse mukaikweza, zinzake zikutsika.

Zonse ndafotokozazi ndi khalidwe la bridge yoyandama, si matenda. Mukasiya nsambo imene munakankha, zonse ziyenera kubwerera pamene zinali. Vuto lanu ndi lina: mukagwira mpini n'kuusiya, G siibwerera. Sipuling'i yachitsulo yabwinobwino imabwerera pamalo ake nthawi zonse, ndipo imakoka buloko imodzi yonyamula nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Ilibe njira yosankhira G n'kusiya zinzake. Chimene chingasankhe nsambo imodzi ndi kukhulana, malo ena pamene nsamboyo ikugwidwa.

Chitani izi. Chunani gitala bwinobwino ndi chochunira cha pafoni kapena chomata pamutu. Tsitsani mpini kamodzi mwamphamvu, usiyeni pang'onopang'ono, kenako pimani nsambo iliyonse musanakhudze makiyi ochunira a kumutu kwa gitala. Ngati imodzi kapena ziwiri zakwera pamene zina zili bwino, wakuba ali pa nut, kafupa kapena kapulasitiki ka timipata kamene kali pothera khosi. Mukatsitsa mpini nsambo imakhwefuka, ndipo kachigawo ka pakati pa nut ndi kiyi kamaikokera kumutu. Mukasiya mpini iyenera kutsetsereka kubwerera, koma kampata kakakhala kothina kapena kokhakhala, imakakamira, ndipo mbali imene mukuimbayo imatsala yokungika mopitirira. Kuti mutsimikize, kokani nsamboyo ndi chala pakati pa khosi ngati mukuizula, n'kuisiya. Ikabwerera m'chuni, mlandu watha. Chizindikiro china ndi kaphokoso kakuti "ting" pamene mukupotoza kiyi, mawu n'kudumpha mwadzidzidzi m'malo mokwera pang'onopang'ono.

G ndi imene imavutitsa kwambiri chifukwa pa nsambo zosakulungidwa ndiyo yonenepa kuposa zonse, ndipo ikatsetsereka pang'ono pokha mawu ake amasintha kwambiri. M'zaka za m'ma 1950, pamene bridge imeneyi inkapangidwa, G inkakhala yokulungidwa ndipo nsambo zonse zinali zonenepa. Palinso china chimene chimachitika kawirikawiri ndi magitala ogwirapo kale ntchito: nut inasemedwera nsambo za 9, wina n'kudzaikamo za 10 kapena 11, kapena G inaduka n'kulowetsedwa ina iliyonse imene inapezeka m'bokosi tsikulo. Kampata kaja sikanakule nawo.

Mankhwala oyamba ndi pensulo. Khwefulani nsambo, ichotseni m'kampata, palani nsonga ya pensulo yofewa mpaka kampatako kade, bwezeranimo. Kadontho ka Vaseline pansonga ya kamtengo ka machesi kapite kunsi kwa kachitsulo kamene kamapanikiza B ndi E yaing'ono pamutu wa gitala, ndipo ngati pali kachiwiri kopanikiza D ndi G, kameneko muyang'anitsitse. Ngati nsambo ikuchita kukanikizidwa kuti ilowe m'kampata, pindani sandipepa wosalala kwambiri n'kupala m'mbali mokha, pang'onopang'ono, osakhudza pansi. Mukakumba pansi nsambo idzagunda fuleti yoyamba, ndipo pamenepo muyenera kugula nut ina. Onaninso mmene nsambo zakulungidwira pa makiyi. Kuzungulira kawiri kapena katatu, mizere yotsika pansi mwadongosolo yosakwerana, ndi kokwanira. Mulu wa waya wokwerana umamasuka mukatsitsa mpini ndipo sukhalanso chimodzimodzi. Nsambo zatsopano zikokeni ndi dzanja n'kuchunanso mpaka zitasiya kutsika.

Umboni woti vuto ndi kukhulana uli m'mbiri ya chida chomwechi. Floyd Rose, woimba gitala wa ku America amene anatopa ndi Stratocaster yake kuthawa chuni, anapanga bridge yake kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo analandira patenti mu 1979. Anamanga nsambo ndi tizitsulo pa nut kuti zisatsetserekenso, n'kuzimanganso pa bridge. Kumsana kwa gitala anasiya mmene Fender anapangira, masipuling'i ndi claw. Woimba gitala Eddie Van Halen, pa bridge ya Floyd Rose, ankatsitsa mpini mpaka nsambo kulendewera, koma akausiya gitala ili m'chuni. Jeff Beck, amene ankayandamitsa bridge ya Stratocaster yake ndi kuimba nyimbo zathunthu ndi mpini, anali ndi nut ya tizitsulo togudubuzika kuti nsambo zizidutsa mosagwidwa. Rose ndi Beck onse awiri anathetsa nkhaniyi kumutu kwa gitala.

Nanga ngati poyesa paja mwapeza kuti nsambo zonse zapita mbali imodzi, zonse zakwera mukakoka mpini, zonse zatsika mukautsitsa? Apo ndiye bridge yeniyeniyo siikubwerera pamalo ake, ndipo tiyang'ane potsamira pake. Pa bridge ya masikuluwu asanu ndi limodzi, ambiri amawamanga onse zolimba poganiza kuti akukonza. Malangizo a Fender ndi akuti awiri a m'mphepete amangidwe mpaka mitu yake ingokhudza mbale popanda kuinyamula kumbuyo, anayi a pakatiwo akwezedwe pang'ono, pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Chitani izi nsambo zili zokhwefuka. Pa bridge ya nsanamira ziwiri, imene Fender anaika pa Stratocaster zotchedwa American Standard kuyambira 1987, yang'anani mpeni wa mbale, kutanthauza mphepete mwake mwakuthwa, pamene ukutsamira pa nsanamira. Pa magitala otchipa chitsulo chake chimakhala chofewa ndipo chimaphwanyika n'kukhala chabuthu. Musapotoze nsanamirazo nsambo zili zokungika, chifukwa ndi mmene mpeniwo umathera.

Pokhapo ndi pamene timafika pa masipuling'i. Tembenuzani gitala, chivundikiro chili chochotsa, gwedezani mpini mukuyang'ana ndi kumvetsera. Sipuling'i ina imakhula m'mbali mwa thabwa kapena pa chivundikiro. Ina mbedza yake siinalowe bwino m'bowo la buloko ndipo imasuntha n'kumalira "kwe, kwe". Ina yadyedwa ndi dzimbiri, zimene sizichedwa gitala ikamagona m'chipinda chachinyezi nyengo ya mvula kapena kunyanja. Ina inakokedwa mopitirira muyezo: mukaichotsa mizere yake siigundananso, kuwala kukudutsa pakati. Imeneyo yafa, itayeni. Nthawi zina mupeza kuti sikuluwu ya claw yatafuna thabwa ndipo ikutuluka pang'onopang'ono. Tulutsani, lowetsani timitengo ta machesi topaka guluu wa matabwa m'bowomo, dikirani pawume, bwezerani. Ndipo onani waya wakuda amene anawotcherera pa claw. Ameneyo ndi wa earth, ndipo amafika ku nsambo kudzera m'masipuling'i ndi buloko. Akaduka, kapena wina akachotsa masipuling'i onse, ampulifaya imayamba kung'ung'udza ndipo siileka ngakhale mutagwira nsambo.

Tibwerere kwa mnzanu wa masipuling'i asanu. Zimene iye akunena zimathekadi, koma chifukwa chake ndi chakuti munthu akawonjezera awiri osamasula claw, bridge imagona mpaka mbale kutsamira pathabwa. Ikatero siikuyandamanso. Ili ndi pofikira polimba, ndipo nthawi iliyonse imabwerera pomwepo. Nsambo ikaduka zina sizikwera, chifukwa bridge ilibe kogonera kwina. Mukakankha G zinzake sizitsika, bola masipuling'i akhale amphamvu kuposa kukankha kwanu. Mpini umagwirabe ntchito, koma motsitsa mokha. Van Halen yemwe uja bridge yake inkagona pathabwa choncho. Stevie Ray Vaughan ankaika asanu, koma iye ankaimba nsambo zoyambira pa 13, ngakhale ankatsitsa chuni chonse ndi fuleti imodzi. Inu ndi nsambo za 9 kapena 10 mukhoza kugoneka bridge ndi atatu omwe muli nawowo, pongolowetsa masikuluwu a claw. Lowetsani onse awiri mofanana, theka la kuzungulira nthawi imodzi, mukuchunanso, mpaka mbale igone. Kenako kankhani G kwambiri mukumvetsera E yaikulu, ndipo pitirizani kumanga mpaka E itasiya kutsika. Wachinayi ndi wachisanu akufunika pokhapokha claw itafika kukhoma bridge isanakhazikike. Dziwaninso kuti masipuling'i asanu pa nsambo zopyapyala, bridge ili yoyandama, nthawi zina mizere yake siitseguka n'komwe, ndipo mpini umayamba ndi kuuma kenako n'kugonja mwadzidzidzi.

Kwa woimba m'tchalitchi amene amagwira mpini mwa apo ndi apo kumapeto kwa kodi (chord), kugoneka bridge ndi kumene ine ndingasankhe osaganiza kawiri. Woimba rhumba kapena sungura, amene zala zake zimathamanga pa nsambo ziwiriziwiri kumtunda kwa khosi ndipo mpini anauchotsa kalekale, apitirire apo: aseme kathabwa kolimba kokwana bwino pakati pa buloko ndi khoma la bowo, mbali yosiyana ndi kumene kuli masipuling'i, kuti bridge isasunthe konse. Eric Clapton amachita zimenezi, ndipo Stratocaster yotchedwa dzina lake, imene Fender anayamba kugulitsa mu 1988, imachoka ku fakitale ili ndi kathabwako kale. Pali zida zogula zochita ntchito yonga imeneyi, monga Tremol-No imene mumatha kumanga ndi kumasula, kapena Tremsetter ya Hipshot imene imathandiza bridge yoyandama kupeza pakati, koma kathabwa kosemedwa bwino sikafuna dola.

Mukafuna kuyandamitsa, kuti muzigwedeza mawu m'mwamba ndi pansi momwe, muyezo wa Fender ndi mpata wa pafupifupi mamilimita 3 pakati pa thabwa ndi kumbuyo kwa mbale. Njira yosataya tsiku lonse ndi iyi. Masulani claw kuti nsambo zipambane, lowetsani kamtengo kosongoka kumbuyo kwa buloko kuti kaimitse bridge pa mpata umenewo, ndipo chunani gitala yonse kamtengoko kali momwemo. Mukamaliza, mangani masikuluwu a claw pang'onopang'ono mpaka kamtengo kagwe kokha. Pamene kagwa ndi pamene masipuling'i alingana ndi nsambo. Carl Verheyen, amene anaimbira gulu la Supertramp, amachuna yake kuti akakoka mpini mpaka kumapeto G ikwere mafuleti atatu, B awiri, E yaing'ono imodzi, ndipo amapendeketsa claw kuti mbali ya nsambo zonenepa ikhale yokungika kwambiri. Za kupendeketsako, komanso za kuyala masipuling'i atatu ngati muvi, awiri a m'mbali kulozera pakati, anthu amakangana kwambiri. Sipuling'i yopingasa imatalika pang'ono kuposa yowongoka, ndiye imakoka mowonjezera pang'ono, zimenezo n'zoona. Koma buloko ndi mbale ndi chitsulo chimodzi cholimba, sichipindika kuti mbali ina imve zosiyana ndi inzake. Ine ndimayala owongoka, mmodzi pakati ndi awiri m'mphepete.

Tsopano za mawu kunenepa. Masipuling'i amalira, zimenezi palibe wotsutsa. Chotsani gitala ku ampulifaya, menyani kodi ya E mwamphamvu, n'kuziziritsa nsambo zonse ndi chikhatho nthawi yomweyo. M'chipinda chabata mumva kamawu kachitsulo kakupitirira kuchokera kumsana. Gwirani masipuling'i ndi chala, katha. Ena amati kameneka ndi mbali ya mawu a Stratocaster, ndipo Clapton amasunga masipuling'i ndi buloko ngakhale mpini sagwiritsa ntchito, m'malo motenga gitala ya bridge yokhomerera. Komanso sipuling'i yonjenjemera ndi imene imapanga reverb, mawu aja omveka ngati muli m'phanga, mu ampulifaya zakale za Fender, ndiye maganizowa sanachokere m'mutu chabe. Funso n'lakuti kamawu kameneka kamafika kangati pa sipika.

Pickup ndi maginito wokulungidwa waya, ndipo chimene imamva kwambiri ndi nsambo yachitsulo imene ikunjenjemera mamilimita ochepa pamwamba pake. Masipuling'i ali kutali, kuseri kwa thabwa. Pa mawu oyera, opanda distortion (kukhadzula kwa mawu), zimene amawonjezera n'zochepa kwambiri, ndipo ng'oma, bezi ndi kiyibodi zikalowa palibe wa m'mipando angakuuzeni kuti muli ndi atatu kapena asanu. Mukakweza gain, kapitawo wa distortion pa ampulifaya, ndiye zimasintha: kulira kuja kumakulitsidwa, ndipo pa nyimbo zodukizadukiza kumamveka ngati kachitini kakulira pamene payenera kukhala zii. Oimba metal amaika siponji kunsi kwa masipuling'i, kapena kulowetsa kapaipi ka labala mkati mwa iliyonse, kapena kugula okutidwa kale amene amatchedwa noiseless. Kachidutswa ka siponji ya matiresi kamagwira ntchito yomweyo, bola kasathine mpaka kulepheretsa masipuling'i kuyenda.

Njira yachiwiri imene masipuling'i amakhudzira mawu ndi yodzera pa bridge. Nsambo imalira nthawi yaitali ikatsamira pa chinthu cholimba chosasuntha. Bridge yoyandama pa masipuling'i ofewa imagonja pang'ono nthawi iliyonse mukamenya nsambo, ndipo mukamenya mwamphamvu kodi yonse imachita kunjenjemera kaye isanakhazikike. Ikagona pathabwa kunjenjemerako kumatha, mawu amayamba mwachindunji, ndipo ambiri amamva ngati alimba. Ndikhulupirira kuti "kunenepa" kwa mnzanu n'kumeneku. Koma taonani chimene chimachitikanso nthawi yomweyo: bridge ikagona, tizitsulo totsamirapo nsambo timatsika nayo, nsambo zimayandikira mafuleti ndi ma pickup, ndipo nsambo ikayandikira pickup mawu amakula. Kuwonjezera apo, munthu akamasintha masipuling'i nthawi zambiri amaikanso nsambo zatsopano. Ndiye wasintha zinthu zitatu kapena zinayi, koma ulemu wonse ukupita kwa sipuling'i imene walipira. Mukagoneka yanu, pimaninso kutalika kwa nsambo, ndipo muonenso ngati mawu a pa fuleti ya 12 akugwirizana ndi a nsambo yosagwira.

Masipuling'i ogulitsidwa padera, monga a Raw Vintage amene amabwera asanu ofewa kuti onse alowe popanda kuumitsa mpini, ndi osiyanadi ndi a m'fakitale pa kufewa, ndipo woimba amene amakhalira mpini angamve kusiyana m'dzanja lake. Pa mawu, jambulani ndi foni musanasinthe ndi mutasintha, foni ili pamalo omwewo, nsambo zomwezo, kenako wina akuseweretseni osakuuzani kuti iyi ndi iti. Ngati pali chitsulo kumsanako chimene ndingachiganizire pa nkhani ya mawu, ndi buloko. Za Fender zoyambirira zinali zachitsulo cholemera. M'zaka za m'ma 1970, kampaniyo ili m'manja mwa kampani ya CBS imene inaigula mu 1965, anayamba kuumba bridge ndi chitsulo chosakaniza cha zinki, ndipo magitala ambiri otchipa a lero ali ndi buloko ya zinki yopyapyala. Musanaitanitse ina pimani mabowo, chifukwa mipata ya bridge zakale za ku America ndi yotakata kuposa ya magitala ambiri opangidwa ku Asia, ndipo buloko ya imodzi siilowa pa inzake. Ngakhale imeneyo, pa gitala ya mtengo ngati yanu, ndalama zomwezo mutagulira nsambo zabwino kangapo ndi nut yosemedwa ndi munthu wodziwa, khutu lingakuthokozeni kwambiri.

Zonsezi ndi za banja la Stratocaster ndi Floyd Rose. Bigsby, mtundu wina wa tremolo, ili ndi sipuling'i imodzi yonenepa yopanikizidwa kunsi kwa mpini, pamwamba pa gitala, ndipo gitala ya Fender yotchedwa Jazzmaster ya 1958 ili ndi imodzi yobisika kunsi kwa mbale, pamodzi ndi kabatani kotsekera nsambo ikaduka. Zimenezo zili ndi makhalidwe ake.

Ndiye Loweruka lino musanapite kokonzekera nyimbo, gulani seti imodzi ya nsambo za saizi yofanana, pakani pensulo pa nut, masulani masikuluwu anayi a pakati aja, ndipo gonekani bridge ndi masipuling'i atatu amene alipowo. G ikapitirizabe kukwera mukasiya mpini, pitani nayo kwa wokonza magitala akakuze kampata kake. Tsiku limene mudzasinthe saizi ya nsambo, kuchoka pa 9 kupita pa 10, makilogalamu 8 owonjezerawo adzanyamula bridge, ndipo mudzafunika kubwereranso ku masikuluwu awiri a claw, mwinanso kuika sipuling'i yachinayi.